Kutsata Mtsinje wa Shire Kuchokera Kunsi: Kakonzedwe ka Ulendo wa Pamadzi M'njira ya Sitima Zakale

Musanalipire boti lililonse, dziwiranitu kuti palibe ngalawa imodzi imene ingakunyamuleni kuchokera kunyanja yamchere mpaka ku Mangochi. Ngakhale kale idalibe. Pakati pa Matope ndi Kapichira mtsinje wa Shire umatsika mamita pafupifupi 400 pa mtunda wa makilomita ngati 80, ukugwa m'mathithi ndi kupanikizika m'miyala. Aliyense amene adabwera ndi sitima kuchokera ku Zambezi adaima pamenepo, n'kutsitsa katundu, n'kuyamba kufunafuna anthu omusenzera. Inunso ulendo wanu ukhala woduladula: pena pabwato, pena pagalimoto, pena wapansi. Mukaukonza motsatira madulidwe amenewa, mudzamvetsa ndi thupi lanu chifukwa chake Chiromo, Chikwawa, Blantyre ndi Mangochi zidamera pamene zili.

Yambani ndi mapu

Pezani mapu oonetsa Malawi ndi chigawo chapakati cha Mozambique pamodzi. Ngati ndi a pafoni, asungireni m'foni momwemo, chifukwa kumadambo netiweki imasowa. Ikani chala pa Mangochi, pamene Shire umatuluka m'nyanja, mutsike nawo kudzera ku Malombe, Liwonde, Matope, Chikwawa, Chiromo ndi Nsanje mpaka pamene ukuthira mu Zambezi. Ndi makilomita pafupifupi 400. Kenaka tsatani Zambezi chakum'mawa kufikira pamene ukugawikana usanalowe m'nyanja ya India, ndipo muchonge malo awiri kugombeko: Quelimane ndi Chinde.

Mu mtsinje wa ku Quelimane ndi mmene Vasco da Gama adaimika zombo zake mu Januwale 1498 popita ku India, ndipo adapeza kuti anthu a kumeneko ankadziwa kale zombo zazikulu ndi nsalu za amalonda ochokera kumpoto. Apwitikizi adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'ma 1530, m'misika imene Aswahili ankagulamo kale golide ndi minyanga. Mu 1616 Gaspar Bocarro adanyamuka ku Tete, n'kucheza kwa mfumu Muzura, n'kuoloka Shire pa ulendo wapansi wopita ku Kilwa. Nthawi yonseyo Amang'anja a m'chigwa ankalima thonje, kuomba nsalu, kusula makasu ndi kuphika mchere, ndipo mabwato ankatsika ndi kukwera ndi malonda amenewa. David Livingstone atalowa mu Shire mu Januwale 1859, adalowa m'njira yopondedwa kale. Adabwera kuno chifukwa chosowa kolowera: kumapeto kwa 1858 mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa, adamutsekera Zambezi. Gwiritsitsani zimenezi, chifukwa zidzakuthandizani kufunsa bwino m'njira. Mabuku adasunga mayina a azungu. Za amene ankapalasa, kulozera njira ndi kusenza muzidzafunsa kumadooko ndi kwa mafumu.

Sankhani nyengo

Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Madzi amakhala akadali okwanira, misewu yadothi yauma, ndipo kutentha kwa kuchigwa kumapiririka. Mu Okutobala ndi Novembala ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumatha kupyola madigiri 40, ndipo pabwato mulibe mthunzi. M'dzinja musayerekeze. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Ana wa mu 2022 ndi Freddy wa mu 2023 adagumula misewu, adasuntha madooko, ndipo malo ena mtsinje udasintha njira. N'chifukwa chake, sabata imodzi musananyamuke, imbirani munthu wa kuderako kapena ofesi ya bwanamkubwa mufunse msewu umene ukudutsika ndi dooko limene likugwira ntchito.

M'chikwama muikemo chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, madzi akumwa ambiri, neti, mafuta othamangitsa udzudzu ndi ndalama zazing'onozing'ono, popeza kudooko sasintha ndalama yaikulu. Foni, ziphaso ndi mankhwala muzimange m'jumbo yosalowa madzi, ndipo jumboyo izikhala pathupi panu. Chifukwa chake muchimva tikafika pa Chiromo.

Yambirani kunsi

Ambiri amayambira ku Liwonde chifukwa ndi kophweka. Ine ndikuti yambirani ku Nsanje, muzikwera chakumtunda monga ankachitira amene ankachokera kugombe. Kuchokera ku Blantyre tsikani zitunda za Chikwawa, mudutse pa Thabwa, muoloke Shire, mupitirire ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Mukadali pamwamba pa zitunda, imani pamalo abwino muone chigwa chonse ndi mtsinje ukukhotakhota. Msewu umene mukutsikawo amtengatenga ankakwera phiri lomwelo ndi katundu pamutu.

Nsanje inkatchedwa Port Herald, ndipo njanji yopita ku Blantyre, imene idatha kumangidwa mu 1908, idayambira pano. Pitani mukaone doko limene lidatsegulidwa mu Okutobala 2010, nthawi ya pulezidenti Bingu wa Mutharika, ndi cholinga chotsegulanso njira ya pamadzi yopita ku Chinde. Zombo sizidayambe kuyenda, chifukwa boma la Mozambique lidati payambe pachitika kafukufuku wa momwe zingakhudzire mtsinje. Mukaimirira pamenepo, tsidya linalo ndi Mozambique. Pafupi ndi Nsanje pali nkhalango ya Khulubvi, kachisi wa Mbona, amene anthu ankabwerako kudzapempha mvula kuchokera kutali, ngakhale kutsidya kwa Zambezi. Kumeneko simungangolowa. Chilolezo chimachokera kwa mafumu ndi osunga malowo, ndipo ndiwo amanena chovala ndi pofika. Akakana, bwererani mwaulemu.

Tsiku lotsatira bwererani ku Bangula, muoloke kupita ku Chiromo, pamene Ruo umathira mu Shire. Pano khalanipo nthawi, chifukwa nkhani zake n'zambiri. Mu Julayi 1861 Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie adamasula akapolo 84 pamudzi wa Mbame, ndipo amenewa ndiwo adakhala anthu oyamba a mishoni ya Magomero. Miyezi ingapo pambuyo pake Mackenzie adatsika kuti akakumane ndi sitima pamathiriro a Ruo. Bwato lina lidagubuduzika usiku, mankhwala a malungo n'kupita ndi madzi, ndipo iye adamwalira pachilumba cha Malo pa 31 Januwale 1862. Jumbo ija ndi ya zimenezi. Funsani akuluakulu a kuderako kapena a mpingo wa Anglican akulozereni pamene adaikidwa, chifukwa madzi asintha malowa kangapo. Kufupi komweko, kumapeto kwa 1889, asilikali a Portugal otsogozedwa ndi Serpa Pinto adamenyana ndi Amakololo, anthu amene adabwera ndi Livingstone. Mu Januwale 1890 dziko la Britain lidaopseza Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo pangano la 1891 lidasandutsa Ruo kukhala malire. Mukaona mtsinje wooneka wamba chonchi ukugawa mayiko awiri pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi, gwero lake ndi limenelo.

Panganani ndi mwini bwato

Kumtunda kwa Chiromo kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh. Mu 1859 Livingstone adalemba kuti adaona njovu 800 m'dambomu. Lero mulibe njovu. Muli asodzi, madimba, gumbwa, bango, mbalame zosawerengeka, mvuu ndi ng'ona, ndipo mu 2017 lidalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar. Alendo ambiri amalowera kumudzi wa Mchacha James, kufupi ndi Makhanga. Ulendo wonsewu, mbali imeneyi ndi imene ndimaiona yofunika kuposa zonse, chifukwa muyenda m'bwato lenileni losema, la mtundu womwewo umene unkanyamula mchere ndi nsalu sitima zisanabwere.

Mukafika, yambani mwakaonekera kwa nyakwawa. Perekani moni, nenani kumene mwachokera ndi chimene mwadzera. Iwo kapena a komiti ya padooko ndi amene akusankhireni wopalasa wodziwa dambo, ndipo mukachedwa kubwera adziwa koyambira kukufunani.

Mtengo mugwirizane musanaponde m'bwato, ndipo mutchule zonse: mupita mpaka pati, mutenga maola angati, kudikira mukatsika pena kuli momwemo kapena ayi, ndiponso kubwerera. Ngati ndi boti la injini, funsani ngati mafuta ali pamtengo womwewo, muone ndi maso anu kuti petulo ndi wokwanira ndiponso kuti nkhafi zilimo. Musanenerere mpaka kumufinya munthu. Kupalasa motsutsana ndi madzi ndi ntchito yowawa, ndipo tsiku limenelo sapita kokavuula ukonde. Theka perekani ponyamuka, lotsalalo pobwera.

Liyang'aneni bwatolo. Ngati lili ndi zigamba zambiri ndipo pansi pali madzi musanakwere n'komwe, pemphani lina. M'mbali mwa bwato muzitsala danga loonekera pamwamba pa madzi anthu onse atakhala. Likamira mpaka pakamwa, wina atsike. Jekete yoyandamitsa munthu m'madooko a kumudzi simuipeza kawirikawiri, choncho bwerekani kapena gulani yanu m'tauni. Mu Meyi 2023 mvuu idagubuduza bwato lodzaza anthu pa Shire ku Nsanje ndipo anthu adataya miyoyo. Khalani pansi, musaimirire pojambula, musaviike dzanja m'madzi, ndipo musamukakamize wopalasa kuyandikira mvuu, makamaka yokhala ndi mwana. Akati tibwerere, bwererani. Nyamukani m'mamawa dzuwa litangotuluka, mukhale mutatuluka m'madzi lisanapendeke. Kusamba m'dambo ayi: kupatula ng'ona, muli likodzo.

Mukakhazikika, funsani. Mtsinje unkadutsa pati madzi a 2015 asanabwere? Agogo awo ankapita ndi bwato mpaka kuti, ndipo ankakagula chiyani? Ndi malo ati amene bwato limakhudza mchenga m'chilimwe? Yankho la funso lomalizali likufotokozerani mavuto a Ma Robert, sitima yoyamba ya Livingstone. Inali yofooka, yodontha, ndipo inkadya nkhuni ngati uvuni wa njerwa, mwakuti anthu ankatha nthawi yambiri akudula mitengo kuposa kuyenda. Pioneer, imene idabwera mu 1861, inkalowa kwambiri m'madzi, ndipo idakhalapo milungu ingapo itatitimira mumchenga m'dera lomwe lino.

Kwerani ku Chikwawa ndi ku Kapichira

Pafupi ndi boma la Chikwawa ndi pamene padali mudzi wa Chibisa, pamene sitima zoyambazo zinkaima. Amishoni atasamuka ku Magomero adadzakhala pano, m'chaka cha chilala ndi nkhondo za ogwira akapolo, pamene mitembo inkayandama mumtsinje. Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson adamwalira mu 1863 ndipo manda awo ali ku Chikwawa. Amakololo amene adabwera ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi, m'dziko limene lero ndi Zambia, ena sadabwerere kwawo. Adatsala ndi mfuti, adasonkhanitsa anthu othawa nkhondo, n'kukhala mafumu. Mayina a Kasisi, Katunga ndi Maseya amene mukuwaona pazikwangwani adayambira pamenepo. Ufumu wa Lundu, umene likulu lake lili ku Mbewe, ndi wakale kwambiri kuposa onsewa, ndipo ngati mwapeza mwayi womva nkhaniyi kumbali zonse ziwiri, imveni.

Kuchokera apo lowerani ku Majete, nkhalango imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2003. Polowa mumalipira, ndipo mathithi a Kapichira ali chapafupi ndi chipata. Pemphani woperekeza, chifukwa muli nyama zolusa. Apa ndi pothera njira ya sitima yochokera kunyanja yamchere. Mu 1863 Livingstone adayamba kulambula msewu kuti anyamule zidutswa za sitima ya Lady Nyassa kulambalala mathithi, koma mu Julayi kalata yomuitanitsa kwawo idafika ntchito isanapite patali. Chakufupi, pansi pa mlambe, pali manda a Richard Thornton, katswiri wa miyala amene adamwalira mu Epulo 1863 ali ndi zaka 25, atangobwerako kuchokera ku Tete kumene adakasaka mbuzi ndi nkhosa zoti amishoni anjala adye.

Chimene chidamukanika Livingstone chidatheka mu 1875. E. D. Young ndi Robert Laws adamasula sitima ya Ilala pano, mafumu a Amakololo adasonkhanitsa anthu mazanamazana, ndipo anthuwo adasenza chitsulo chilichonse m'miyala ndi m'dzuwa mpaka kumtunda kwa mathithi. Ilala idalowa m'nyanja ya Malawi pa 12 Okutobala 1875. Yesani kuyenda wapansi ngakhale theka la ola m'mphepete mwa mathithiwo, woperekeza ali patsogolo, muone mtundu wa nthaka imene ankapondayo.

Lambalalani mathithi pagalimoto

Bwererani ku Blantyre. Kampani ya African Lakes, imene idayamba mu 1878 motsogozedwa ndi abale awiri John ndi Frederick Moir, inkatsitsa katundu padooko la Katunga, amtengatenga n'kumukweza ku Blantyre, n'kukamutsitsanso ku Matope kumene sitima za kunyanja zinkadikira. Nyumba ya Mandala, ya mu 1882, ikadalipo, ndipo m'chipinda chapamwamba muli laibulale ya Society of Malawi, yosunga mabuku ndi zithunzi zakale. Patulani m'mawa umodzi. Ngati nthawi ilipo, dzerani ku Matope mukaone pamene madzi odekha amathera.

Tengani boti la ku Liwonde

Gawo ili ndi losavuta. Malo ogona alendo a m'tauni ya Liwonde ndi a m'nkhalango ali ndi maboti a injini, majekete ndi oyendetsa ozolowera. Lembetsani dzulo lake, funsani ngati ndalama yolowera m'paki ili pamtengo womwewo, ndipo sankhani ulendo wam'mawa wopita chakumtunda. Njovu, mvuu ndi nkhwazi mudzaziona popanda kuzifuna. Uzani woyendetsa kuti mwadzeranso mbiri, akuonetseni mlambe waukulu wamphako umene anthu amati Livingstone adapumapo, pa ulendo umene adakafika nawo kunyanja mu Sepitembala 1859.

Yang'anani kufupika kwa madzi ndi namasupuni amene amayandama. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nyanja idaphwera kwambiri, ndipo kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'ma 1930 madzi adaleka kutuluka bwino kulowa mu Shire. Mchenga ndi zomera zidatseka njira. Kuphwa kumeneku, limodzi ndi njanji, ndi kumene kudathetsa sitima za mumtsinje. Baraji ya Kamuzu imene mukuiona pa Liwonde, ya mu 1965, idamangidwa kuti iziwongolera madzi opita ku Nkula, ndipo lero imathandizanso Tedzani ndi Kapichira.

Malizirani ku Mangochi

Mangochi idayamba ngati Fort Johnston mu 1891, linga limene lidamangidwa moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, pamene magulu a amalonda a minyanga ndi akapolo ankaolokera popita kugombe. Zoti muone zili pamodzi pafupi ndi mlatho, ndipo wapansi mutha kuzimaliza masana amodzi. Pali nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ya mu 1903. Pambali pake pali mfuti ya sitima yankhondo ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 idaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania. Pomwepo pali chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946. Lowaninso m'nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum, ndipo mufunse za Chauncy Maples. Sitima imeneyi idapangidwa ku Glasgow, n'kubwera kudzera ku Chinde m'zidutswa 3,481. Boila yake ya matani 11 sinkatheka kuimasula, ndiye amuna 450 adaikoka pangolo kulambalala mathithi. Manambala olembedwa pazidutswa adali atafufutika pozikuta kuti zisachite dzimbiri, mwakuti kuilumikiza kudatenga zaka ziwiri, ndipo idalowa m'madzi mu 1901. Mukatha apo, pezani boti padooko likutengeni kukafika pamene mtsinje umatulukira m'nyanja. Funsani za mwera musananyamuke, chifukwa m'miyezi yozizira mphepoyi imautsa mafunde mwadzidzidzi.

Ngati muli ndi pasipoti ndi sabata ina

Mbali ya kugombe imafuna ulendo wakewake. Njira yodalirika ndi ya ku Muloza, kudzera ku Milange ndi Mocuba mpaka ku Quelimane. Sinthani ndalama kukhala meticais, ndipo ngati simudziwa Chipwitikizi, Chisena chimathandiza m'madera a m'mbali mwa Zambezi. Ku Quelimane yendani m'mbali mwa mtsinje pamene pali tchalitchi chakale cha m'zaka za m'ma 1700. Livingstone adafika pano mu Meyi 1856 atadutsa Africa kuchokera ku Luanda. Chinde isanadziwike, apaulendo opita ku Shire ankakwera mabwato mu mtsinje wa Kwakwa kuchokera pano, n'kusenza katundu pamtunda kukafika ku Zambezi. Mu 1889 Daniel Rankin adalengeza kuti zombo zingathe kulowa mu Zambezi kudzera ku Chinde, ndipo mu 1891 dziko la Britain lidabwereka malo kumeneko, amene adakhala khomo la Nyasaland kwa zaka pafupifupi 30, mpaka madzi atadya gombe, namondwe wa mu 1922 n'kumiza sitima zambiri, njanji ya ku Beira n'kutenga katundu yense.

Kuchokera ku Quelimane pitani ku Caia, muoloke Zambezi pamlatho wa mu 2009, mutsate msewu wa ku Marromeu mpaka ku Chupanga, kumene kuli manda a Mary Livingstone, amene adamwalira ndi malungo pa 27 Epulo 1862. Chakumtunda, pakati pa Sena ndi Mutarara, pali mlatho wa njanji wa Dona Ana wa mu 1935, wotalika makilomita oposa 3.6. Ku Chinde kumafikika ndi boti lochokera ku Marromeu kapena ku Luabo, ndipo nthawi yonyamuka imadalira madzi ndi kuchuluka kwa okwera. Mukafuna kukafika, onjezerani masiku awiri kapena atatu odikira, tengani chakudya ndi madzi anu, ndipo musanakwere siyani dzina lanu, la mwini boti ndi tsiku lobwerera kwa mwini nyumba imene mwagona.